Mafilimu akale otchukawa ndi abwinodi, kapena timangoopa kuwatsutsa?

Ulendo woyamba umene ndinaonera Citizen Kane ndinagona isanafike ndi pakati pomwe. Ndinali nditamva za filimuyi kwa zaka zambiri, paliponse pamene anthu akukamba za mafilimu dzina lake silimalephera kutuluka, amvekere imeneyi ndiye filimu yoposa mafilimu onse amene anapangidwapo, ndiye tsiku lina usiku ndinaitsegula pa foni nditagona chagada, mtima uli dyokodyoko kuti lero ndiona zodabwitsa. Zimene ndinaona ndi mdala wolemera dzina lake Kane akumwalira yekhayekha m'chinyumba chachikulu atatchula liwu limodzi, kenako mtolankhani akuyenda uku ndi uku kufunsa anthu kuti liwulo limatanthauza chiyani. Zithunzi zakuda ndi zoyera, anthu akulankhula mothamanga modulana mawu. Ndinadzidzimuka m'mawa foni ili pachifuwa, batire itatha.

Tulolo silinandivute kwenikweni. Chimene chimandivutabe mpaka lero ndi choti kwa zaka zingapo munthu akaitchula ndinkagwedeza mutu ndikuyankha kuti eee ija ndi filimu yaikulu zedi, pamene mumtima ndikudziwa kuti sindinaimalize komanso inandibowa. Ndinkaopa kuoneka wosadziwa zinthu. Ndipo ndimakhulupirira kuti tilipo ambiri amene timachita zimenezi, timatamanda filimu chifukwa dzina lake ndi lolemera, ngati mmene munthu umaimirira bwana akalowa olo usakumudziwa bwinobwino. Ndiye ndinayamba kufufuza kuti kodi mbiri ngati imeneyi imachokera kuti, amayambitsa ndani.

Yankho lake mbali ina ndi losavuta kulipeza. Ku Britain kuli magazini yotchedwa Sight and Sound, ya bungwe la British Film Institute, imene kuyambira 1952 zaka 10 zilizonse imafunsa anthu olemba zowunika mafilimu kuti aliyense atchule mafilimu 10 amene amawaona kuti ndi opambana. Mu 1952 inapambana ndi Bicycle Thieves ya ku Italy, ndipo Citizen Kane sinalowe ndi mu 10 oyambirira omwe. Kenako mu 1962 inakwera pamwamba ndikukhala pomwepo mpaka 2002, kasanu kotsatizana, mpaka mu 2012 pamene Vertigo ya Alfred Hitchcock inaichotsa pampando. Ndiye taganizani, filimu ndi yomweyo, palibe anawonjezerapo chithunzi olo chimodzi pakati pa 1952 ndi 1962, chimene chinasintha ndi anthu ovotawo ndi zimene anali ataonera. Itatuluka mu 1941 sinabweze ndi ndalama zomwe, chifukwa William Randolph Hearst, mwini manyuzipepala ambiri ku America amene anazindikira kuti nkhaniyo ikufanana ndi moyo wake, analetsa manyuzipepala ake kuitchula, ndipo malo ambiri oonetsera mafilimu anachita mantha. Ku ma Oscar inapikisana m'magulu 9 ndikupata mphoto imodzi yokha, ya kalembedwe ka nkhani. Inadzuka pambuyo pa nkhondo, itafika ku France mu 1946 komwe olemba zowunika mafilimu ngati André Bazin anaikonda ndikulemba zambiri za iyo, kenako m'ma 1950 itayamba kuonetsedwanso m'maholo ndi pa TV ku America.

Nditadziwa zimenezi ndinaganiza kuti basi ndagwira wakuba, mbiri yonseyi ndi yopangidwa ndi kagulu ka anthu ophunzira amene amangokoperana mayankho. Ndinakhala ndi maganizo amenewa kwa kanthawi ndithu.

Koma ndinadzaionanso, ulendo uno masana, pa sikirini yaikulu, foni nditaisiya kuchipinda. Ndipo pali malo awiri amene anandikhazika pansi. Oyamba ali chakumayambiriro. Mayi ake a Kane akhala patebulo pafupi ndi kamera akusaina mapepala opereka mwana wawo kwa munthu wa ku banki kuti akamulere, bambo ake aima chapakati akudandaula koma palibe akuwamvera, ndipo kutali uko kudzera pa windo ukumuona mwanayo akusewera m'chipale chofewa, akukuwa yekha mosangalala, osadziwa kuti moyo wake ukugulitsidwa m'nyumbamo. Onse atatu malo awo akuoneka bwinobwino nthawi imodzi, palibe amene wazimiririka, ndiye diso lako limasankha lokha koti liyang'ane, ndipo langa linkangobwerera pa windo paja. Imeneyi ndi ntchito ya Gregg Toland amene anajambula filimuyi, ndipo Orson Welles amene anaitsogolera ndikuseweranso ngati Kane anali ndi zaka 25 zokha. Malo achiwiri ndi a patebulo la chakudya cha m'mawa, Kane ndi mkazi wake woyamba. Zimayamba atakhala moyandikana akuseka ngati anthu ongokwatirana kumene, kenako chithunzi chimathamanga, m'mawa wina, m'mawa winanso, mawu akunka nachepa ndikumalasa, mpaka pomaliza palibe akulankhula, mkazi akuwerenga nyuzipepala ya mdani wa mwamuna wake, kamera ikubwerera m'mbuyo ndikutionetsa kuti akhala kumapeto awiri a tebulo lalitali. Banja lonse kutha m'maminitsi ochepa chabe popanda munthu kunena kuti chikondi chatha.

Apa ndinavomera kuti anthu aja sanapenge. Koma ndinazindikiranso chifukwa chimene inandigonetsera tulo poyamba paja, ndipo si kuti ndinali wopusa. Zambiri zimene filimuyi inachita zinakoperedwa ndi aliyense, kufotokoza moyo wa munthu kudzera m'makumbukiro a anthu osiyanasiyana amene sakugwirizana, kuyamba ndi imfa ndikubwerera m'mbuyo, kuika kamera pansi kuti munthu aoneke chimphona mpaka denga kuonekera, zonsezi ndinali nditaziona kale kambirimbiri m'mafilimu ndi m'masewero a pa TV amene anabadwa pambuyo pake. Ndinakumana ndi zidzukulu ndisanakumane ndi agogo, ndiye agogowo atafika nkhope yawo inaoneka yozolowereka. Pa ine ndekha Citizen Kane ndimailemekeza kwambiri, koma sindingname kuti ndimaikonda. Ikatha ndimakhala ndikuganiza za luso la anthu amene anaipanga, za Kane mwiniwakeyo sizindikhudza kwenikweni kupatula pa windo paja.

Bicycle Thieves ndi nkhani ina. Imeneyi palibe anachita kundiphunzitsa kaonedwe kake. Vittorio De Sica anaipanga mu 1948 mumzinda wa Rome nkhondo itangotha kumene, ntchito zikusowa, ndipo anatenga anthu wamba osati akatswiri a zisudzo, amene anasewera ngati bambo wa m'filimuyi, Lamberto Maggiorani, ankagwira ntchito mufakitale. Bamboyu wapeza ntchito yomata mapepala a malonda m'makoma koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo njinga yake anaipereka chikole. Mkazi wake osalankhula zambiri akuyalula nsalu zapabedi, kuzichapa, kupita nazo kukapinyolitsa kuti awombole njingayo. Ndiyeno kamera imatsatira wantchito wa pamalopo akukwera mashelefu kukaika mtolowo, ndipo umaona kuti mashelefuwo afika mpaka kudenga, odzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena amene anachitanso zomwezo. Palibe akufotokoza kalikonse, koma pamenepo ndinamva mmene umphawi wa mzinda wonse unalili. Njinga ija ikubedwa tsiku loyamba lenileni la ntchito. Kotsalako ndi bambo ndi kamwana kake Bruno kuyendayenda mumzinda kuisaka, ndipo pomaliza bambo uja, zitamuthina, akuba njinga ya munthu wina, anthu akumugwira ndikumumenya makofi mwana wake akuona. Mwini njingayo ataona nkhope ya mwanayo akuti musiyeni. Akuyenda m'chigulu cha anthu bamboyo akulira, kamwana kaja kakumugwira dzanja.

Ndinakhala duu kwa kanthawi itatha. Aliyense amene anaonapo bambo ake akuchita manyazi pamaso pa anthu, kapena amene ndi kholo ndipo amadziwa mantha oti mwana wako angakuone utagwa, safunika mndandanda wa akatswiri kuti amuuze kuti filimuyi ndi yaikulu. Ndi Tokyo Story ya Yasujiro Ozu ya 1953 zinandichitikiranso chimodzimodzi koma mwakachetechete. Makolo okalamba apita ku Tokyo kukaona ana awo, anawo si oipa ayi, angotanganidwa basi, wina ndi dokotala wina ali ndi saluni, ndiye akungopatsirana makolowo ngati katundu, ndipo amene akuwasamala ndi mtima wonse ndi mpongozi wawo amene mwamuna wake anafera kunkhondo. Kamera siyendayenda, yangokhala pansi ngati mlendo amene wakhala nawo pamphasa. Theka loyamba ndinkadzifunsa kuti kodi chichitike ndi chiyani apa. Itatha ndinatenga foni ndikuwaimbira mayi anga, anadabwa ndikufunsa kuti kwagwanji usiku uno, ndinangoti palibe amayi, ndimafuna ndimve mawu anu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mafilimu ena akale ali choncho, amafuna uwapatse maola awiri athunthu opanda china m'manja, zimene masiku ano timaumira kwambiri.

Ndiye funso loti kodi mafilimu amenewa amayenera mbiri yawo ine ndimaona kuti timalifunsa mophatikiza zinthu zosiyana. Pali filimu yotchuka chifukwa inayambitsa njira imene ena onse anadutsamo. Pali ina yotchuka chifukwa mpaka lero imakugwira pakhosi. Ndipo pali ina imene inangochita mwayi. It's a Wonderful Life ya 1946 sinachite bwino kwenikweni itatuluka, koma mu 1974 umwini wake sunakonzedwenso mwalamulo, ndiye mawayilesi a TV ku America anayamba kuionetsa mobwerezabwereza nyengo ya Khirisimasi iliyonse poti inali yotsika mtengo kwa iwo, ana anakula nayo, lero ndi filimu imene anthu kumeneko amaitenga ngati chuma cha dziko. Sindikunena kuti ndi yoipa, ndi yokoma ndithu, koma pepala limodzi likanasainidwa pa nthawi yake mwina bwenzi lero ikudziwika ndi anthu ochepa chabe. Vertigo nayo itatuluka mu 1958 anthu anailandira mosiyanasiyana, kenako inachotsedwa pamsika kwa zaka zingapo mpaka 1983, ndipo kusowa kwakeko kunawonjezera njala yoti anthu aione. Ine Vertigo ndinaionera kawiri ndipo mitundu yake ndi nyimbo zake ndi zokongola kwabasi, koma mwamuna wa m'filimuyo akukakamiza mkazi kusintha tsitsi ndi zovala kuti afanane ndi wakufa, zimandinyansa m'njira imene ndikudziwa kuti Hitchcock anafuna, komabe sindiiika pamwamba pa zonse.

Ndipo tisaiwale kuti tikamati mafilimu opambana m'mbiri yonse tikutanthauza opambana mwa amene anapulumuka. Kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya mafilimu aatali opanda mawu amene anapangidwa ku America anatayikiratu. Mafilimu akale ankasungidwa pa tepi ya nitrate imene imayaka msanga ndipo imawola yokha, ena anapsa m'nyumba zosungiramo ngati moto wa ku kampani ya mafilimu ya Fox wa 1937, ena makampani anangowataya poona kuti sabweretsanso ndalama. The Passion of Joan of Arc ya Carl Dreyer ya 1928, imene lero anthu amaitamanda kwambiri, kope yake yathunthu inapezeka mu 1981 m'kabati pa chipatala cha anthu odwala maganizo ku Norway. Ndimati ndikaganiza za zimenezi mutu umazungulira, kuti ndi mafilimu angati abwino ngati imeneyi amene analibe kabati yowabisa.

Palinso nkhani ya amene amavota ndi zimene anali ndi mwayi woonera. Kwa zaka zambiri mindandanda imeneyi inkadzaza ndi America, France, Italy, Japan, Russia, ngati kuti kwina konse anthu sankagwira kamera. Ousmane Sembène wa ku Senegal anapanga Black Girl mu 1966, ola limodzi lokha, nkhani ya mtsikana wa ku Dakar amene wapita ku France ndi mabwana ake akuganiza kuti akukalera ana ndikuona dziko, koma akukathera m'khitchini ya kanyumba ngati kapolo. Djibril Diop Mambéty anapanga Touki Bouki mu 1973, filimu yolimba mtima kuposa ambiri a nthawi yake. Mafilimu amenewa sanayambe kukoma posachedwa ayi, anali choncho kuyambira kale, koma munthu sungavotere chinthu chimene sunachione, ndipo Touki Bouki inachita kukonzedwanso mu 2008 ndi bungwe limene anayambitsa Martin Scorsese, wotsogolera mafilimu wa ku America, kuti anthu ambiri ayambe kuipeza ikuoneka bwino. Mu 2022 onse awiri anali mu 100 apamwamba a Sight and Sound. Ndinasangalala, komanso zinandipweteka kuti zinatenga nthawi yonseyi.

Pomwe ndimakana kwamtuwagalu ndi pamene luso likugwiritsidwa ntchito ngati chophimbira zonyansa. The Birth of a Nation ya D. W. Griffith ya 1915 amaiphunzitsa m'masukulu a zamafilimu chifukwa cha mmene anadulira ndi kulumikizira zithunzi kuti mtima uthamange, ndipo ndi zoona kuti analuso anaphunzirapo zambiri. Koma ngwazi za m'filimuyi ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho lozunza anthu akuda, ndipo anthu akudawo akuonetsedwa ngati zilombo, ambiri mwa iwo akuseweredwa ndi azungu odzipaka zakuda kumaso, ndipo gululo linadzukanso chaka chomwecho cha 1915 ndikumagwiritsa ntchito filimuyi kukopa anthu. Luso lakelo ndi limene linaipangitsa kukhala yoopsa kwambiri, ndiye sindingalichotse pambali ndikuliombera m'manja palokha. Gone with the Wind ya 1939 ndi yovutirapo chifukwa ndi yokongola ndipo nkhani yake imakoka, maola pafupifupi anayi amatha osawamva, koma ikulira maliro a dziko la eni akapolo ngati kuti linali paradaiso, ndipo akapolowo akuoneka okhutira ndi moyo wawo. Hattie McDaniel anakhala munthu wakuda woyamba kupata Oscar chifukwa cha filimuyi mu 1940, koma pa mwambowo anamukhazika patebulo lapambali kutali ndi anzake amene anasewera nawo, ndipo tsiku loyamba kuonetsa filimuyi ku Atlanta sanapiteko chifukwa cha malamulo a tsankho. Ndikamaionera sinditha kuiwala tebulo limenelo. Ioneredwe, isabisidwe, anthu adziwe mmene bodza limavekedwera zovala zokongola, koma wina asandiuze kuti ndikaikana ndiye kuti sindidziwa mafilimu.

Mu 2022 kunachitika zimene zinakwiyitsa anthu ambiri. Sight and Sound inafunsa anthu oposa 1,600, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero cha 2012, ndipo pamwamba panakhala Jeanne Dielman, 23 quai du Commerce, 1080 Bruxelles ya Chantal Akerman wa ku Belgium, ya 1975, koyamba kuti filimu yotsogoleredwa ndi mkazi ikhale nambala wani. Ena anati ndi ndale basi, anthu angofuna kukweza mkazi. Ine zinandikumbutsa 1962 ija, ovota asintha, zimene aonera zasintha, mndandanda wasintha, ndi mmenenso Citizen Kane inakwerera, kungoti nthawi imeneyo palibe anaitcha ndale.

Ndinaganiza zoti ulendo uno ndisatamande kapena kunyoza ndisanaone ndekha. Ndi ya maola atatu ndi maminitsi 21. Mayi wamasiye ku Brussels, ali ndi mwana mmodzi wamwamuna, masiku atatu a moyo wake. Akusenda mbatata, ndipo kamera siidula, mbatata iliyonse ukuiona ikusendedwa. Akutsuka mbale atatifulatira. Akupolisha nsapato za mwana, akuzimitsa getsi nthawi iliyonse akamatuluka m'chipinda. Masana kumabwera mwamuna mmodzi, amalowa naye kuchipinda, akatuluka ndalamazo amaziika m'mbale ya supu yapatebulo ndikuvundikira. Ola loyamba ndinavutika, sindibisa, ndinaimitsa kawiri ndikuyendayenda m'nyumba, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti anthu okwiya aja akunena zoona.

Koma pofika tsiku lachiwiri ndinali nditaloweza kachitidwe kake konse osadziwa kuti ndikuloweza, ndikudziwa kuti akachoka apa apita apo, dzanja lake ligwira ichi kenako icho. Ndiye mlendo wa tsiku limenelo atachoka, mayi uja anaika ndalama m'mbale muja osavundikira. Tsitsi lake linali litasokonekera pang'ono. Anapita kukhitchini ndikupeza mbatata zapsa kwambiri, zafewa mopitirira, ndipo anayamba kuzungulira m'nyumba ndi poto m'manja osadziwa koti amuike, kulowa naye chipinda ichi, kutuluka, kubwereranso. Ndinadzipeza nditakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, mtima ukugunda ngati ndikuonera munthu akuthamangitsidwa ndi mfuti, chonsecho ndi poto wa mbatata. Ndipo ndinakumbukira maola onse amene ndinakhala ndili mwana m'chipinda china ndikudikira chakudya, osaganizako ngakhale kamodzi zimene zinkachitika m'mutu mwa munthu amene anaima kukhitchini uja.

Kaya ndi filimu yoposa onse, ine sindingavotere choncho, voti yanga ikanapitabe kwa bambo uja ndi kamwana kake m'misewu ya Rome. Mnzanga wina amene ndinamutumizira uthenga usiku womwewo kuti aione anandiyankha patatha masiku atatu kuti anafika pa maminitsi 40 ndikuzimitsa, ndipo anandifunsa ngati ndikumuseka. Ndinamuuza kuti ayi, komanso kuti asadzanamize munthu kuti anaikonda. Anati mwina adzayesanso, nanga poto wa mbatatayo amafika pa ola lachingati.